Manganya ndi Spider-Man: Ana Athu Akuphunzira kwa Yani?

Ife amene tinakulira m'makomboni a m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo tikukumbukira nthawi imene wailesi ya kanema inali nkhani yongomva kwa obwera kuchokera ku Joni. Dziko lathu linakhala lopanda kanema wakewake kufikira pa 1 April 1999, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa. Kale chisangalalo cha banja chinali pa wailesi ya MBC: Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Lero zinthu zinasintha. Pa Thyolo Boma, pa Bvumbwe, pa Luchenza, nyumba zoonetsera mavidiyo zili mbwee, ndipo amene ali ndi foni yamakono kanema amayenda naye m'thumba.

Zimene zimakoka ana athu kwambiri zili mitundu iwiri: masewero oseketsa, ndi mafilimu a ngwazi zouluka m'malere. Taonera zonse ziwiri, ndipo tili ndi mawu.

Tiyambe ndi zoseketsa. Munthu amene watandala tsiku lonse dengu lili kumsana, kuthyola masamba pamvula, kenaka n'kukaima pamzere wa sikelo, ayenera kuseka madzulo. Kuseka ndi mankhwala osagula. Mr Bean, amene Rowan Atkinson anayamba kumusewera pa kanema mu 1990, amaseketsa agogo ndi mdzukulu yemwe popanda womasulira, pakuti salankhula zambiri. Koma tikaseka Mr Bean timaseka mlendo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Za kwathu kuno n'zosiyana. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, amene tinkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, ankatiseketsa ndi zochita zathu zomwe: umbuli wodziyesa nzeru, bodza la pakhomo, ngongole yosabweza. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021, koma mayina awo sanachoke pakamwa pa anthu. Sewero la Tikuferanji nalo linalowetsa m'nyumba zathu nkhani ya Edzi pa nthawi imene makolo ambiri ankachita nayo manyazi. Bambo amaseka Manganya, koma mumtima akudziwa kuti mwala wagwera pa denga lake. Ndipo musapeputse ntchito yoseketsa anthu: Michael Usi, mwini dzina la Manganya, anakhalapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino kuyambira mu June 2024 mpaka 2025.

Sitikunena kuti nthabwala iliyonse ya Chichewa ndi yabwino. Zilipo zina, makamaka zoyenda pa mafoni, zimene zimaseka olumala, kunyoza amayi, kapena kutonza kalankhulidwe ka mtundu wina. Pa esiteti timakhala Alomwe, Amang'anja, Ayao ndi Angoni khomo limodzi, mpopi umodzi. Mwana akazolowera kuseka mnzake chifukwa cha chilankhulo, mawa ndewu idzayambira pa mpopi pomwepo.

Nanga ngwazi zouluka? Izi si zachilendo ayi. Superman anabadwira m'timabuku ta zithunzi ku America mu 1938, Batman mu 1939, ndipo Spider-Man mu 1962. Masiku ano mafilimu awo amafika kwathu ena atawaika kale mawu a Chichewa, kotero ngakhale mwana wa Sitandade 2 amatsata nkhani yonse. Zabwino zilimo: ngwazizi zimateteza ofooka, sizilandira ziphuphu, ndipo woipa amagonja pomaliza. Filimu ya Black Panther ya mu 2018 inaonetsanso ana athu kuti ngwazi ikhoza kukhala ya khungu ngati lawo.

Koma pali phunziro lina lobisika limene ife sitigwirizana nalo. Pafupifupi m'nkhani zonsezi, tsoka likagwa anthu wamba amangokuwa ndi kuthawa, maso ali kumwamba kudikira munthu mmodzi wamphamvu kuti adzawapulumutse, ndipo iye amathetsa mlandu ndi chibakera. Kodi moyo umayenda choncho? Namondwe wa Freddy atawomba m'maboma a kum'mwera kuno mu March 2023, Thyolo yemwe ali momwemo, palibe amene anatsika m'mitambo. Oyamba kufika anali anansi, makasu ali m'manja, kufukula anzawo m'matope, ndi amayi amene anagawana ufa wotsalira m'thumba. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ngakhale tiyi amene amamwedwa ku London safika kumeneko ndi mphamvu za munthu mmodzi: pali wothyola, kapitawo, woyendetsa thirakitala ndi wa m'fakitale.

N'chifukwa chake tinakondwera kumva za Supa Team 4, katuni amene anamuyambitsa mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, ndipo anayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Ngwazi zake ndi atsikana anayi a sukulu mu mzinda wa Lusaka, ndipo amapambana pokhapokha akagwirizana. Vuto n'lakuti kuonera zotere kumafuna intaneti, ndipo mabanja ambiri a m'makomboni ndalama imeneyo alibe. Apa tikupempha olemba masewero athu: ngati anansi athu atha, inu chikukuletsani n'chiyani? William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotayidwa, nkhani yake inakhala filimu mu 2019. Ngwazi zoyenda pansi tili nazo.

Kwa makolo anzathu, sitikuti tsekerani ana m'nyumba. Mwana woletsedwa zonse amaonera mozemba. Tikuti dziwani chimene akuonera. Nyumba ya vidiyo isalowe m'malo mwa kalasi, ndipo ndalama ya kope isathere pakhomo pake. Mukapeza mpata khalani nawo pansi, muonere limodzi, museke limodzi. Filimu ikatha afunseni: "Kodi uja akanapanda kuuluka, anthu aja akanatani?" Mudzadabwa ndi mayankho awo. M'mera mpoyamba.

Tikumanenso m'kope lotsatira.