Mfuti ya malemu si katundu wogawana

Maliro akatha, abale amakhala pansi kugawana katundu wa malemu: njinga kwa mwana woyamba, wailesi kwa mlongo wake, mbuzi kwa amalume. Koma m'nyumba zina mumatsala chinthu chimodzi chomwe palibe amachitchula pabwalo. Ndi mfuti ya bambo, yokulungidwa m'chiguduli, yomwe yakhala pamwamba pa kabati kapena kunsi kwa bedi kwa zaka zambiri.

Mfuti zimapezeka m'makomo pazifukwa zosiyanasiyana. Eni golosale ena adagula poopa mbava, alimi ena pothamangitsa anyani ndi nguluwe m'munda, pomwe alenje akale adasiya magogodela awo. Zina zidalowa mozemba kudzera m'maboma a m'malire monga Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje panthawi ya nkhondo ya ku Mozambique yomwe idatha mu 1992. Mu Disembala 1993, pomwe asilikali ankalanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ena mwa achinyamatawo adathawa ndi mfuti zawo.

Lamulo la Firearms Act limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo nkhaniyi imayendetsedwa ndi apolisi. Chiphasocho chimalembedwa m'dzina la munthu, sichikhala cha banja lonse. Mwini wake akamwalira, mayi wamasiye kapena mwana amene wangoitenga n'kuibisa angathe kupezeka pamlandu wosunga mfuti popanda chilolezo, ngakhale sadaiombepo. Chanzeru n'kukanena kupolisi yapafupi kuti apolisiwo adzaitenge kapena alangize zoyenera kuchita. Kuinyamula m'thumba n'kukwera nayo minibasi n'kudziputira mavuto ena.

Gogodela ndiye woopsa kuposa momwe amaonekera. Onga ndi zipolopolo zake zimathiridwa kukamwa kwa mpope, choncho munthu sangaone msanga ngati muli kanthu. Onga wouma umatha kuphulika ngakhale patapita zaka makumi angapo. Mdzukulu woseweretsa "chitsulo cha agogo" sadziwa zimenezi.

Nawo amene ali ndi chiphaso ali ndi udindo waukulu. Mfuti iliyonse iyenera kugwiridwa ngati muli chipolopolo, ngakhale mwini wake ali ndi chikhulupiriro kuti adachotsa. Asailozetse kwa munthu ngakhale mocheza, ndipo chala chisakhale pa kachitsulo kowombera mpaka nthawi yoomba itakwana. Ngozi zambiri zimachitika potsuka mfuti, kaamba koti munthu amachotsa magazini n'kuiwala kuti chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira m'kati. Ayenera kutsegula mfutiyo, ayang'ane ndi maso, apisenso chala, asanayambe kupukuta.

Posunga, mfuti ikhale yopanda zipolopolo, m'bokosi lachitsulo lokhoma lomwe lamangiriridwa kukhoma kapena pansi kuti wakuba asalinyamule. Zipolopolo zikhale pamalo ena okhomanso, ouma ndi otalikirana ndi moto. Makiyi asamakhale pansi pa pilo kapena pa msomali pomwe ana amawaona tsiku ndi tsiku. Nyengo ya dzinja chinyezi chimabweretsa dzimbiri, motero mfuti imafunika kupukutidwa ndi kupakidwa mafuta pang'ono. Mpope ukalowa dothi, kapena mavu akamangamo chisa, umatha kung'ambika poomba n'kuvulaza woombayo kumaso ndi m'manja. Kuikamo chipolopolo chosakhala cha mtundu wa mfutiyo kumachititsanso ngozi yomweyo.

Ena amati mfuti yokhomeredwa ilibe phindu mbava zikafika pakati pa usiku. Mantha awo ndi omveka, makamaka kwa amene amagona ndi ndalama za malonda m'nyumba. Komatu mbava zingabwere kamodzi pa zaka zambiri, pomwe ana, alendo ndi antchito amakhala m'nyumbamo tsiku lililonse. M'nyumba momwemo mumabuka mikangano ya m'banja, mumalowa munthu ataledzera, mumakhalanso wina amene ngongole zamufooketsa mpaka kuganiza zodzipha. Mphindi zochepa zofufuza makiyi ndi kutenga zipolopolo kuchipinda china zimapereka mpata woti mtima utsike. Madzi akatayika saoleka, chipolopolo chikatuluka sichibwereranso mumpope. Komanso mfuti yosungidwa mosasamala ndi imene mbava zimaiba mosavuta, mawa lake n'kukaopsezera nayo anthu a pamsika womwewo.

Maiko a SADC adasainira mgwirizano woyang'anira mfuti ndi zipolopolo mumzinda wa Blantyre mu Ogasiti 2001. Ku Mozambique, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo yachikhristu adayambitsa ntchito mu 1995 yoti anthu azipereka mfuti n'kulandira makasu, njinga ndi makina osokera. Koma mgwirizano wa maiko sungalowe kuchipinda kukaona zomwe zili kunsi kwa bedi. Ntchito imeneyo ndi ya banja, ankhoswe ndi mafumu.

Choncho pokambirana za chuma cha malemu, mwinimbumba afunse poyera ngati m'nyumbamo muli mfuti, ndipo ngati ilimo, apolisi adziwitsidwe abale asanabalalike. Ana nawo auzidwe kuti akaona mfuti kapena chipolopolo asakhudze, achokepo, akauze munthu wamkulu.