Thanzi Pakhomo: Kachikwama Kamene Kanakhala pa Msomali Milungu Isanu

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwathu kuli msomali. Pamenepo ndimakolekapo kachikwama ka thaulo, kabudula wosambirira ndi magalasi a m'madzi. Chaka chatha, kuyambira pakati pa June mpaka chakumapeto kwa July, kachikwamako sikanasunthe. Tsiku lina mayi a kunyumba akusesa anakatsitsa, n'kukakuntha fumbi, kenako anandifunsa kuti, "Abambo, kodi aka tiwapatse ana, kapena kakadali ndi ntchito?" Ndinayankha kuti ndikudikira chiperoni chidutse. Iwo anangoti, "Nanga zigubu zanu zili pakhondezi, nazonso zikudikira chiperoni?" Ndinasowa chonena, chifukwa zigubu zimene ndimanyamula polimbitsa thupi sizifuna kuti kunja kutenthe.

Ndayamba ndi kudziulula kotere chifukwa ndikudziwa kuti sindili ndekha. Ambiri a ife timayamba bwino. Timagula nsapato, timalonjeza pa chiyambi cha chaka, timachita milungu itatu mwakhama. Vuto limabwera pa mlungu wachinayi, kukagwa maliro kumudzi, mvula ikakakamira, kapena ntchito ikachuluka. Lero tisakambe za kuyamba. Tikambe za kupitiriza, makamaka kwa ife amene tadutsa zaka 40 ndipo tasankha kusambira ndi kulimbitsa minofu.

Chimene chinandiyambitsa

Bambo anga anali mlimi wamphamvu, woti ankasenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuchoka kumunda osapumira panjira. Atakalamba anasiya khasu, nayamba kukhala pa mpando wandalema tsiku lonse. Sanadwale matenda aakulu, koma patapita zaka zochepa sankathanso kudzuka pamphasa popanda wowagwira dzanja. Chimene chinkawapweteka mtima kwambiri chinali kupita kuchimbudzi, chifukwa miyendo inkakana kunjuta ndi kudzukanso. Munthu amene analera ana asanu ndi awiri ankachita manyazi kuitana mdzukulu.

Ine ntchito yanga ndi ya pampando. Nditapita kukayezetsa ndili ndi zaka 50, namwino anandiuza kuti magazi anga ayamba kuthamanga, ndipo maondo anali atayamba kale kulira ndikamakwera masitepe. Ndinaona kuti ndikulondola mapazi a bambo anga, koma ndili wamng'ono kuposa iwo ndi zaka 20. Si ine ndekha: kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Bwanji ziwiri, osati chimodzi?

Kusambira kumagwiritsa ntchito mtima, mapapo, mapewa, msana ndi miyendo nthawi imodzi. Ubwino wake waukulu kwa munthu wonenepa kapena wa maondo opweteka ndi wakuti madzi amamunyamula. Mukaima m'madzi ofika m'khosi, miyendo yanu imasenza gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a kulemera kwanu. N'chifukwa chake munthu amene sangathamange pamsewu amatha kugwira ntchito yolimba m'madzi osavulala.

Koma ubwino womwewo ndiwonso malire ake. Mafupa amalimba akamasenza katundu. Popeza m'madzi simusenza kanthu, kusambira kokha sikulimbitsa mafupa mokwanira. Apa m'pamene kunyamula zolemera kumabwera. Munthu akadutsa zaka 30, minofu yake imayamba kuchepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo akapitirira zaka 60 kuchepako kumafulumira. Kwa amayi, mafupa amafooka msanga akasiya kusamba. Mankhwala a zimenezi ndi kuipatsa minofu ntchito yolemera pang'ono kuposa imene inazolowera.

Wina anganene kuti kwa iye nthawi inatha. Mu 1990, Dr. Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi nkhalamba khumi za zaka zapakati pa 86 ndi 96, zokhala m'nyumba yosungirako okalamba. Anaziphunzitsa kukweza zolemera ndi miyendo katatu pa mlungu kwa milungu isanu ndi itatu. Asanu ndi anayi amene anamaliza anapezeka kuti mphamvu za miyendo yawo zawirikiza kuposa kawiri. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira bambo anga ndi mphasa ija.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera othamangitsa mtima kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndiponso azilimbitsa minofu ikuluikulu masiku awiri kapena kuposerapo pa mlungu. Kwa amene ali ndi zaka 65 kupita m'tsogolo, amawonjezera masewera othandiza kuima chilili osadzandira, masiku atatu pa mlungu, pofuna kupewa kugwa.

Mlungu wanga umayenda chonchi

Pa tsiku loyamba m'mawa ndi Lachitatu madzulo ndimasambira mphindi 40. Lolemba ndi Lachinayi ndimanyamula zigubu pakhonde kwa mphindi 25, madzi osamba ali pamoto. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimatsika minibasi patali pang'ono n'kuyenda pansi mofulumira. Dzuwa likalowa Lachisanu zonse zimaima, ndipo pa Sabata thupi limapuma pamodzi ndi mtima. Kale ndinkaona ngati tsiku lopanda masewera ndi lotayika, koma minofu simakula pamene mukuigwiritsa ntchito. Imakula pamene ikupuma ndi kudzikonza. N'chifukwa chake pakati pa masiku awiri onyamula zolemera pamafunika kudutsa maola ngati 48.

Sindipita ku jimu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5, cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo mukhoza kuthira madzi mlingo umene mungathe. Ndimachita zinthu zisanu. Ndimakhala pampando n'kudzuka osagwira paliponse, chigubu ndili nacho pachifuwa. Ndimatsamira khoma kapena tebulo lolimba ndi manja n'kumadzikankha. Ndimawerama msana uli wowongoka, n'kukokera chigubu m'nthiti. Ndimakwera ndi kutsika sitepe ya pakhonde mwendo umodziumodzi. Pomaliza ndimanyamula zigubu ziwiri, china kuno china uku, n'kuyenda nazo kuzungulira nyumba. Chilichonse ndimachibwereza maulendo 8 mpaka 12, kupuma pang'ono, n'kubwerezanso kawiri. Zikayamba kupepuka ndimawonjezera lita imodzi, osati zisanu.

Chenjezo limodzi kwa anzanga a kuthamanga kwa magazi: musamatseke mpweya pokweza chinthu cholemera, chifukwa zimenezo zimakweza magazi mwadzidzidzi. Tulutsani mpweya pamene mukukweza, kokani pamene mukutsitsa. Ngati muli ndi vuto la mtima, shuga, kapena munachitidwa opaleshoni posachedwa, kambiranani kaye ndi adokotala. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, siyani pomwepo mupite kuchipatala. Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa ndipo kumatha pa masiku awiri kapena atatu, koma ululu wobaya m'bondo kapena paphewa ndi uthenga woti musinthe kachitidwe.

Madzi si onse osambiramo

Kunena zoona, maiwe osambiramo kwathu kuno ndi ochepa. Ambiri ali kumahotela, kumakalabu ndi kusukulu zina za m'tauni, ndipo amalipiritsa. Amene ali kunyanja ali ndi madzi aulere, koma madziwo ali ndi malamulo ake.

Loyamba ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, n'kulowa pakhungu la munthu ngakhale alibe bala. Nkhonozi zimakonda madzi odekha a m'mphepete, pamene pali mabango ndi udzu, makamaka pafupi ndi madoko amene anthu amachapirapo ndi kusambapo. Kudzipukuta msanga ndi thaulo si chitetezo chodalirika. Amene amalowa m'nyanja kawirikawiri azikayezetsa, chifukwa likodzo limatha kukhala m'thupi nthawi yaitali magazi asanaoneke m'mkodzo, ndipo mankhwala ake a praziquantel alipo. M'dziwe lothiridwa kolorini bwino vutoli mulibe.

Lachiwiri ndi kumira. WHO imati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira pa dziko lonse. Musasambire nokha, ngakhale mutakhala katswiri, chifukwa dzanzi kapena kukokana kwa minofu sikuchenjeza. Kunyanja sambirani motsata gombe, pamalo oti mukhoza kuima, osati kulowera pakati. Mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira, nyanja musiyireni mwini wake. Mumtsinje wa Shire ndi m'mathiriro a mitsinje muli ng'ona ndi mvuu, choncho funsani asodzi a pamalopo. Mukamva bingu tulukani m'madzi. Wodwala khunyu asalowe m'madzi popanda munthu wodziwa kupulumutsa ali naye pafupi.

Ngati simudziwa kusambira, si zochititsa manyazi kuphunzira muli wamkulu. Ine ndinaphunzira kupuma bwino m'madzi ndili ndi imvi, pa mzere umodzi ndi ana a pulayimale. Ngakhale kungoyenda mofulumira m'madzi ofika m'chiuno ndi ntchito yokwanira kwa woyamba. Amayi ena amandiuza kuti chimawaletsa ndi chovala. Masiku ano pali zovala zosambirira zofika m'maondo ndi za manja, ndipo amayi atatu kapena anayi akagwirizana kupita limodzi pa nthawi imene anthu ndi ochepa, manyazi amatha msanga. Kumene kulibiretu madzi abwino, kuyenda mofulumira kapena kupalasa njinga kumagwira ntchito yomweyo pa mtima.

Zimene milungu isanu ija inandiphunzitsa

Choyamba, ndinalakwitsa pomangirira zonse pa chinthu chimodzi. Madzi atazizira ndinasiya kusambira, ndipo popeza ndinadziona ngati wolephera, ndinasiyanso zigubu zimene zinalibe chifukwa. Tsopano ndili ndi dongosolo la nyengo yozizira: June ndi July ndimasambira kamodzi, masana a tsiku loyamba dzuwa litatentha, ndipo tsiku linalo ndimayenda pansi.

Chachiwiri, ndinaika mlingo wa tsiku loipa. Ndikatopa, kapena ndikabwera mochedwa kuchokera kumaliro, ndimachita mphindi khumi zokha: kudzuka pampando ndi kudzikankha pakhoma. Mphindi khumi sizisintha thupi kwambiri, koma zimasunga chizolowezi kuti chisafe. Ofufuza a ku University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena kuchepera ena kupitirira, ndiponso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga kanthu. Chimene chimapha ndi kulola kuti tsiku limodzi libale mlungu, mlungu ubale mwezi.

Chachitatu, ndinapeza mnzanga. Mutu umodzi susenza denga. Mbale wina wa kumpingo kwathu amandidikira pa siteji Lachitatu lililonse, ndipo n'zovuta kunamizira kutopa ukudziwa kuti mnzako waima padzuwa. Ndalama ya kudziwe timaiika padera tsiku lolandira malipiro, monga timachitira ndi ya magetsi, chifukwa ikasakanikirana ndi ya ndiwo sionekanso.

Chachinayi, ndinasiya kudalira sikelo. Minofu imalemera, choncho sikelo ikhoza kuima pamodzimodzi pamene thupi likusintha. Ndili ndi kope la sukulu m'mene ndimalembamo tsiku, malita a m'chigubu, ndi maulendo amene ndadutsa dziwe. Mwezi uliwonse ndimawerenga kuti ndadzuka pampando kangati pa masekondi 30. Manambala amenewo sanama, ndipo amalimbikitsa tsiku limene mtima wagwa.

Chachisanu ndi mbale ndi tulo. Minofu imamangidwa ndi chakudya chomanga thupi, ndipo sitifunika ufa wodula wa m'zitini. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mtedza, mazira ndi mkaka zikukwanira, bola zizipezeka pa chakudya chilichonse, osati madzulo okha. Imwani madzi ngakhale mukusambira, pakuti m'madzi munthu amatuluka thukuta osazindikira. Ndipo wogona maola anayi asayembekezere kudzuka ndi mphamvu zonyamula chigubu.

Nditabwerera kudziwe kumapeto kwa July uja, ndinadutsa maulendo anayi okha n'kugwira khoma ndili wefuwefu, pamene kale ndinkadutsa khumi ndi awiri. Ndinafuna kukakamiza kuti ndifike pamene ndinasiyira, koma mnzanga uja anandiletsa. Tinayambira pa theka, n'kumawonjezera pang'ono mlungu uliwonse, ndipo pofika September ndinali nditabwerera pakale. Thupi limakumbukira ntchito imene linaphunzira, ndipo kubwerera n'kofulumira kuposa kuyamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mwezi watha mdzukulu wanga wa zaka zinayi anagona m'tchalitchi, ndipo ndinamunyamula paphewa mpaka kunyumba, mtunda wokwera. Titafika ndinakhala naye pamphasa, kenako ndinadzuka ndekha osagwira khoma. Mayi a kunyumba anandiyang'ana osanena kanthu, koma m'mawa mwake ndinapeza thaulo lochapa kale lili m'kachikwama kaja.

Ngati nanunso muli ndi kachikwama kamene kachita fumbi pa msomali, musadikire January. Katsitseni usiku uno, mudzaze chigubu theka lokha, ndipo mawa mudzachite mphindi khumi. Tikumanenso mwezi wamawa.