MOWA NDI GALIMOTO: CILANGO CA WOBWEREZA MLANDU

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi, lero tifuna kukamba za lamulo la South Africa lolanga munthu woyendetsa galimoto ataledzera, makamaka iye wogwidwa kaciwiri ndi kacitatu. Mlandu uwu uli wathu, ngakhale ambiri a ife tiribe galimoto. Pakuti ife ndife okwera pambuyo pa lole, ndiponso oyenda pansi m'mbali mwa mseu usiku wa Loweruka, pobwerera ku komboni.

Lamulolo dzina lace ndilo National Road Traffic Act, la caka ca 1996. Linena kuti mowa wa m'mwazi wa woyendetsa usafike gramu 0.05 pa mamililita 100. Ndipo kwa iye amene kuyendetsa ndiyo nchito yace, monga wa basi, wa tekisi kapena wa lole yaikuru, muyeso uli 0.02. Wopezeka wolakwa akhoza kulipitsidwa ndalama, kapena kuikidwa m'ndende kufikira zaka 6. Koma cilango cimene tifuna kuti muciyang'anitse ndico ca laisensi. Pa mlandu woyamba amlanda laisensi kwa miyezi yosacepera 6. Pa waciwiri, zaka zosacepera 5. Pa wacitatu, zaka zosacepera 10. Iye amene analibe laisensi aletsedwa kuitenga kwa nthawi yomweyo.

Tamva ena alikudandaula kuti zaka 5 zicurukitsa. Ati, "Diraiva wopanda laisensi watha nchito, nanga ana ace ku Dedza kapena ku Mzimba adzadya ciani?" Mau awa sitiwapeputsa iai, pakuti tidziwa mabvuto opezera nchito m'dziko la eni. Komatu tiyeni tiganize bwino. Wogwidwa koyamba akhoza kunena kuti sanadziwe mphamvu ya mabotolo awiri. Wogwidwa kaciwiri anaimapo kale pamaso pa majisitireti, anamva cenjezo ndi makutu ace, anakhala miyezi yosayendetsa, ndipo anabwerezanso dala. Akuru anati wosamva anamva nkhwangwa iri m'mutu. Koma pa mseu nkhwangwayo igwera mutu wa munthu wina amene sanalawe ndi dontho lomwe. Ameneyonso ali ndi ana kwao.

Tsono ife titi kulanda laisensi ndico cilango colungama koposa zina. Kulipitsa ndalama sikulingana pa anthu onse: mwini cuma aturutsa m'thumba naiwala tsiku lomwelo, pamene wa nchito ya m'munda ataya malipiro a miyezi. Ndende icotsa munthu pa nchito iri yonse, ndipo banja lace lisauka. Koma kulanda laisensi kugwira wolemera ndi wosauka cimodzimodzi, ndipo kucotsa m'manja mwace cinthu cokhaco cimene akadaphera naco anzace. Manja ace atsala. Akhoza kukumba, kuthyola zipatso, kapena kumanga nyumba.

Pali cinthu cimodzi cotidetsa nkhawa. Lamulo lomweli lilola bwalo, litamva umboni wa pa lumbiro, kufupikitsa nthawiyo kapena kusalanda laisensi konse. Cifundo cotere cikhoza kuyenera pa mlandu woyamba. Koma tipempha oweruza kuti asafulumire kuticitira cifundo pa waciwiri, angakhale wolakwayo ali mbale wathu weniweni. Pakuti kumbwezera makiyi ndiko kutumiza lole yodzala anthu m'manja mwa munthu amene watsimikiza kawiri kuti sadziletsa.

Potsiriza tidzifunse tokha. Ndani amgulira diraiva botolo pa tsiku la malipiro? Si ife kodi? Ndani akwera cete, angakhale fungo la mowa liri kumveka, cifukwa ca kuopa kapitao kapena kuyenda pansi? Ndife amene. Ndipo ngozi ikacitika, ndife tomwe tisonkha ndalama zotumiza maliro ulendo wautali wa pa Beitbridge, Tete ndi Mwanza, kukapereka bokosi kwa mai amene analikuyembekeza kalata ndi ndalama za cimanga.

Cifukwa cace, abale, ngati mnzanu analangidwapo kamodzi, mumuuze za zaka 5 zija asanakhudze botolo. Akakana kumva, tsikani m'galimoto mwace nonse pamodzi, pakuti munthu mmodzi amseka, koma anthu khumi awamvera. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.