Wodziwa atenge mnzake mmodzi

Abale a ku Macanga ndi ku Tsangano, lero tikambirane za luso lolemba mapulogalamu a kompyuta, limene pa Chipwitikizi amati programação. Maganizo athu ndi awa: mnyamata kapena mtsikana amene walidziwa lusoli atenge mnzake mmodzi woyamba kumene, akhale naye pansi, amuphunzitse kwaulere, ndiponso m'Chinyanja.

Chifukwa chiyani mmodzi? Pulogalamu ndi mndandanda wa malamulo amene munthu amalembera makina, ndipo makinawo alibe chisoni. Ukaiwala kachizindikiro kamodzi zonse zimaima, ndipo uthenga wonena cholakwacho umabwera m'Chingerezi. Apa ndi pamene wophunzira payekha amagwa mphwayi n'kunena kuti izi n'za anthu a ku Maputo. Mphunzitsi wa ana ambirimbiri sangaone pamene aliyense wapunthwa, koma mnzako wokhala pambali amangoloza ndi chala, ulendo n'kupitirira.

Nanga bwanji m'Chinyanja? Njirayi si yachilendo kuno. Kuyambira 1993 mpaka 1997, ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 boma linayambitsa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'sukulu zina. Munthu amafunsa mopanda manyazi m'chilankhulo chimene anayamwira.

Ena anena kuti zida kulibe. N'zoona, si banja lililonse ku Furancungo lingagule kompyuta. Koma Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, n'chaulere ndipo chimatheka ngakhale pa foni ya Android. Scratch, yopangidwira oyamba kumene, inatuluka mu 2007, nayonso njaulere ndipo ilipo m'Chipwitikizi. Chifikireni Movitel mu 2012, intaneti ya pa foni yalowa m'midzi yambiri. Foni imodzi imakwanira anthu awiri.

Enanso anena kuti ntchito yopanda malipiro sikhalitsa. Kodi makolo athu polima dima ankalipirana ndalama? Lero khasu kwa ine, mawa kwa iwe. Lamulo likhale lomwelo: waphunzitsidwa ulere, bweza ngongoleyo pophunzitsa wina. Ola limodzi kawiri pa mlungu silisaukitsa munthu, ndipo wophunzitsayo pofotokozera mnzake amakhwimitsa nzeru zake zomwe.

Phunziro liyambire pa za kwathu. Pulogalamu yoyamba iwerengere mlimi wa fodya wa ku Macanga makilo amene wagulitsa, ichotse ngongole ya feteleza, ionetse mametikali otsala. Yachiwiri isunge mitengo ya mbatata ya kachewere ku Tsangano mwezi ndi mwezi. Bambo akaona kuti mwana wawathandiza kudziwa chimene chatsala m'thumba, sadzanenanso kuti foni ndi choseweretsa.

Tsono tikupempha ophunzira athu a ku Instituto Superior Politécnico de Tete ndi ena onse odziwa lusoli: pobwera kumudzi pa tchuthi, aliyense asankhe wake mmodzi. Akuluakulu a sukulu atsegule chipinda masana, kuti ophunzirawo akumanirane poyera, makolo akudziwa, ndi kuti atsikana asasiyidwe m'mbuyo chifukwa cha mantha a makolo. Tikadikira kuti sukulu iliyonse ilandire makompyuta, ana amene ali m'kalasi lero adzakhala atakula kale.