Franz Liszt: katswiri weniweni kapena wamatama chabe?

Ngati munaonerapo katuni ya Tom and Jerry ija yomwe Tom akuliza piyano kwinaku Jerry akumusokoneza, ndiye kuti nyimbo ya Franz Liszt munaimvapo kale. Dzina lake ndi Hungarian Rhapsody No. 2.

Liszt anabadwira ku Hungary mu 1811, ndipo m'zaka za m'ma 1840 anagwedeza Ulaya yense. Azimayi ankachita kulimbirana magolovesi ake, mpaka mlembi Heinrich Heine anatcha misala imeneyi kuti Lisztomania.

Mkangano wagona pomwepa. Omutsutsa amati nyimbo zake n'chikomekome cha mkuyu: zala kuthamanga, phokoso lambiri, koma mkati mulibe kanthu. Ngakhale Clara Schumann, katswiri mnzake pa piyano, sanaikonde Sonata in B minor ya mu 1853, chonsecho Liszt anaipereka ngati ulemu kwa mwamuna wake, Robert.

Ine ndikuti mkuluyu amamulakwira. Zoonadi, nyimbo zina anazipeka pofuna kuomberedwa m'manja basi. Koma mu 1847, ali ndi zaka 35 zokha, anasiya makonsati olipiritsa, kenako n'kukakhazikika ku Weimar kuti azipeka nyimbo. Achinyamata ambiri anawaphunzitsa ulere. Masimfoni onse 9 a Beethoven anawakonza kuti azilizika pa piyano imodzi, nthawi yomwe kunalibe wailesi. Wamatama angadzivutitse chonchi?

Musanaweruze, sakani Nuages gris ya mu 1881 pa YouTube. Ndi yaifupi, bandulo siyitha. Ndi yodekha, yachisoni, yopanda zodzionetsera. Mukaimvera, mudzatiuze ngati mukadali mbali ya Clara.