Galimoto Ifike, Woyendetsanso Afike

M'midzi ya kufupi ndi Nachisaka, ngakhalenso m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, muli abambo ndi anyamata amene adapeza ntchito yomwe makolo awo sadaidziwe. Ntchitoyo ndi yokatenga galimoto za eni kudoko ndi kudzazipereka kuno kumudzi. Mlimi akagulitsa fodya ku Kanengo, kapena wogwira ntchito m'boma akatenga ngongole, amaitanitsa lole yaing'ono, minibasi kapena galimoto ya banja yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan. Galimotoyo imabwera pa sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, ndipo pamenepo pamafunika munthu woiyendetsa kufikira kuno. Zina, makamaka malole aakulu ndi mabasi, zimachokera ku South Africa. Zodzera ku Tanzania anthu amazitcha ma IT, chifukwa cha zilembo zimene zimaikidwapo posonyeza kuti galimotoyo ikungodutsa m'dzikomo.

Ntchito imeneyi ndi yabwino, ndipo ikulipirira ana sukulu ndi kugula feteleza m'mabanja ambiri. Koma m'mene ikuchitikira, ikuika miyoyo pachiswe. Choyamba kusintha chiyenera kukhala changu cha eni galimoto, pakuti ndicho chimene chimalanda madalaivala tulo.

Kutalika kwa ulendo

Njira ya kumpotoyi idayamba kudaliridwa kwambiri m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala. Kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Lilongwe pali makilomita pafupifupi 1,500. Woyendetsa amadzera ku Morogoro, nkhalango ya zinyama ya Mikumi, chitunda chokhotakhota cha Kitonga ndi Iringa, nalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Kenaka amadutsa Karonga, nakwera Chiweta, napyola Mzuzu ndi nkhungu ya pa Chikangawa, Jenda, Kasungu mpaka Mponela.

Tsono munthuyu ulendo wake sauyambira padoko. Popita amakwera basi usana ndi usiku, ndipo akafika amatha masiku kudikira mapepala, akugona mosakhazikika ndi kudya mopanda dongosolo. Pamene akupatsidwa makiyi amakhala atatopa kale. Pomwepo lamya ya mwini galimoto imayamba kulira, kufunsa kuti afika liti.

Tulo si ulesi

Ena amaganiza kuti dalaivala wolimba ndi amene sagona. Maganizo amenewa ndi olakwika. Akatswiri a ku Australia adapeza m'chaka cha 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu ngati amene wamwako mowa. Akakhala maso maola 24, amafanana ndi munthu amene mowa m'magazi mwake wapitirira muyeso umene malamulo a dziko lino amalola kwa woyendetsa galimoto.

Choopsa kwambiri ndi katulo kobera, kamene kamagwira munthu kwa kamphindi kochepa maso ali tong'o, iye osazindikira. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita 28 pa sekondi imodzi. Motero woyendetsa akasinza masekondi anayi okha, galimotoyo imayenda yokha mtunda wa bwalo lonse la mpira. Pa mtunda umenewo pakhoza kukhala ngolo ya ng'ombe, wapanjinga, kapena ana opita kusukulu.

Zizindikiro zake ndi zodziwika: kuyasamula kawirikawiri, zikope kulemera, kuiwala malo amene wangodutsa kumene, ndi galimoto kusiya mbali yake ya msewu. Khofi, zakumwa zopatsa mphamvu, kutsegula zenera kapena kukweza wailesi zimangonamiza thupi kwa kanthawi. Mankhwala a tulo ndi kugona basi. Ndipo mapiritsi ena a chimfine, monga Piriton, amaonjezera kusinza.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndi kuti ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. N'chifukwa chake ku maiko a ku Ulaya lamulo limati woyendetsa lole kapena basi apume mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo masiku ambiri asapyole maola 9. Thupi la Mmalawi silisiyana ndi la munthu wa kumeneko.

Galimoto yachilendo

Dalaivala wa kampani amaidziwa galimoto yake monga mlimi adziwira ng'ombe zake. Wokatenga galimoto za eni alibe mwayi umenewu, pakuti ulendo uliwonse amagwira chiongolero chachilendo. Galimotoyo idakhala masabata osayenda, zolembedwa m'kati mwake zili m'Chijapanizi, ndipo zina zimabwera ndi matayala akale kapena opangidwira kuyenda m'chisanu, amene sagwirizana ndi tara wotentha. Safunsa adadya phula: ola limodzi loona mabuleki, matayala, nyali, madzi ndi oyilo asadanyamuke silotayika.

Matenda a panjira

Pofuna kusunga ndalama ya malo ogona, ambiri amagona m'galimoto pachipata, mazenera ali otsegula chifukwa cha kutentha. Dera la Songwe ndi Karonga lili ndi udzudzu wambiri, ndipo malungo amadzaonekera patatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu ali kwawo. Wobwera kuulendo akamva kutentha thupi ayenera kukayezetsa magazi tsiku lomwelo. Madzi ndi zakudya za m'mbali mwa msewu zimafalitsa matenda otsegula m'mimba. Kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Masiku odikira pachipata amabweretsanso mayesero, ndipo matenda opatsirana pogonana otengedwa kumeneko amakafikira mayi wosalakwa kunyumba. Kudziletsa, kondomu ndi kuyezetsa magazi ndiwo chitetezo. Amene amamwa ma ARV, kapena mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, atenge okwanira ndi masiku ena apadera, pakuti tsiku lobwerera silidziwika.

Nanga za ndalama?

Madalaivala ali ndi yankho lawo, ndipo ndi lomveka. Iwo amati amalipidwa pa ulendo, kotero tsiku lililonse loonjezera limadya phindu lawo, ndipo wokana kufulumira ntchito imapita kwa mnzake. Ena amanyamula matola kuti apezeko yapamwamba. Apa ndiye poonekera kuti mlanduwu si wa dalaivala yekha. Munthu amene wadikira galimoto yake masabata ambiri ili panyanja sangalephere kudikira tsiku limodzi loonjezera. Ndalama ya chipinda chogona masiku awiri ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto yogubuduka pa Chiweta, ndipo sitheka kuiyerekeza ndi moyo wa munthu. Kuthamanga sikufika.

Mwini wanzeru agwirizane ndi dalaivala wake kuti ulendowu utenge masiku osachepera atatu, ayende masana okhaokha, ndipo ndalama ya chakudya ndi malo ogona iperekedwe padera. Ngati ndi lole yaikulu kapena basi, atume anthu awiri osinthana. Dalaivala naye agone mokwanira usiku woti mawa anyamuka, ndipo aziima pakatha maola awiri aliwonse kuti aongole miyendo. Anthu oima m'mbali mwa msewu pa Madisi ndi Mponela akumbukire kuti galimoto ya IT sidalembetsedwe kunyamula anthu olipira, ndipo woiyendetsa angakhale sadagone kuchokera dzana.

Kuchipatala kulinso gawo lake. Kuyeza kuthamanga kwa magazi kumatenga mphindi zochepa, ndipo m'zipatala za boma ndi kwaulere. Bambo amene saona bwino usiku, amene amamva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena amene adagwapo khunyu, ayambe waonana ndi adokotala ku chipatala chachikulu cha Dowa kapena Ntchisi asadavomere ulendo. Amayi amene abwera kusikelo lero akafikitse uthengawu kwa amuna awo ndi alongo awo. Galimoto ikaonongeka ina imaitanitsidwa, koma bambo wa ana alibe doko lomutengako.