Mwana wa mlimi asagwe mayeso chifukwa cha Chingerezi

Alimi anzanga, chaka chilichonse bungwe loyendetsa mayeso la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'midzi mwathu mumamveka dandaulo limodzimodzi: "Mwana wakhoza maphunziro ena onse, koma Chingerezi chamugwetsa." Kuno ku Katowo, m'dera la Themba Katumbi m'boma la Rumphi, makolo ena amangoti ndi tsoka, ena amaloza chala aphunzitsi. Ine maganizo anga ndi akuti nkhaniyi ndi yathu alimi, ndipo makalabu athu ayenera kuyiika pa mndandanda wa zokambirana monga momwe timaikira nkhani ya feteleza ndi mitengo ya fodya.

Tiyambe ndi lamulo la mayesowo. Kuti mwana alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi. Ngakhale atakhoza bwino Masamu, Zaulimi ndi Sayansi, akapeza 9 pa Chingerezi satifiketi palibe. Amene akufuna kupita ku Mzuzu University kapena ku LUANAR kukaphunzira zaulimi amafunika makirediti asanu ndi imodzi, ndipo imodzi mwa makireditiwo iyenera kukhala ya Chingerezi. Choncho ndalama zonse zimene mlimi waika pa mwana kwa zaka zinayi, za yunifolomu, nsapato, makope ndi chakudya, zikhoza kulowa m'madzi chifukwa cha phunziro limodzi.

Mu Chingerezimo muli gawo limene aphunzitsi amalitchula kuti comprehension. Apa mwana amapatsidwa nkhani yomwe sanaiwonepo, n'kuuzidwa kuti ayiwerenge, ayankhe mafunso, ndiponso ayifupikitse m'mawu ake. Gawo ili sililoweza. Mwana akhoza kuloweza mayina a matenda a nkhuku usiku umodzi, koma kumvetsa nkhani yachilendo kumafuna chizolowezi cha miyezi ndi zaka. Ndipo luso lomweli ndi lomwe limamuthandiza pa maphunziro ena, chifukwa kupatula Chichewa ndi zinenero zina zochepa, mafunso a mayeso amabwera m'Chingerezi. Ana ambiri amene amalephera Zaulimi si kuti sadziwa kulima ayi. Anakulira m'munda. Chimene chimawavuta ndi kumva chimene funso likufuna.

Mtolo wa zinenero zitatu

Tisafulumire kunena ana athu kuti ndi aulesi. Mwana wa ku Katowo, ku Hewe kapena ku Bolero amabadwira m'Chitumbuka. Akayamba Sitandade 1 amapeza mabuku a Chichewa ndi a Chingerezi. Akafika Sitandade 5 mabuku a maphunziro pafupifupi onse ali m'Chingerezi. Mnzake wa ku Dedza amawoloka mtsinje umodzi, iye amawoloka iwiri. Izi zinayamba kale. M'chaka cha 1968 boma linalamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zinenero za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Chinabwereranso pa wailesi ya MBC mu 1994. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalengeza kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, koma mabuku a Chitumbuka sanafike m'manja mwa ana monga momwe anthu ankayembekezera.

Chaka cha 1994 chomwecho maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Chinali chinthu chabwino, ana a alimi osauka analowa m'kalasi, koma aphunzitsi ndi mabuku sizinachuluke molingana ndi ana. Kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007, yemwe anayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, anapeza kuti pa kuwerenga ana a ku Malawi anali kumapeto. Mu 2016 boma linayambitsa ndondomeko yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira, koma mwana amene ali ku sekondale lero sangadikire kuti zonse zikonzeke.

Ana ambiri a alimi amasankhidwira ku sukulu zoyendera za CDSS monga ya Katowo. Sukulu za mtundu umenewu zinachokera ku malo amene kale anali a maphunziro a MCDE, ndipo zinasinthidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. M'dziko muno zambiri mwa izo zinayamba zopanda laibulale yokwanira. Mwana wa sukulu yogonera amakhala ndi nthawi yowerenga madzulo pansi pa magetsi. Mwana wa sukulu yoyendera akaweruka amabwerera kwa ife. Ndiye kuti nthawi yake yowerenga ili m'manja mwa makolo.

Phindu lake ndi lathu lomwe

Ena anganene kuti bungwe la alimi lisiye za sukulu kwa eni ake. Koma taganizirani mapepala amene amadutsa m'manja mwa mlimi. Kuyambira mu 2012, fodya wambiri m'dziko muno amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula. Mapepala a mgwirizanowo, a ngongole ya zipangizo, ndi amene amabwera kuchokera ku okushoni ku Mzuzu osonyeza ndalama zimene zadulidwa, kawirikawiri amakhala m'Chingerezi. Pa botolo la mankhwala a mbozi zowononga chimanga, zomwe zinatisautsa kwambiri mu 2017, pamalembedwa mlingo wothira ndi masiku oyenera kudikira musanadye mbewuzo. Mlimi amene sangawerenge izi amasaina zimene sakuzidziwa, ndipo amathira mankhwala mwa kungoyerekeza.

Tiyerekeze kuti pa pepala palembedwa kuti ngongole idzadulidwa pa malonda oyamba, kenako pali kamawu kakuti "unless". Kamawu kameneka katanthauza kuti "pokhapokha ngati", ndipo kakhoza kutembenuza chiganizo chonse. Kamawu komweko ndi kamene kamagwetsa mwana pa mayeso. Pamodzi ndi anzake monga "except", "although" ndi "however", ndi timawu tating'ono timene wowerenga mothamanga amatilumpha. Mwana amene waphunzira kuima pa timawu timeneti m'kalasi ndi yemweyo amene adzaletsa bambo ake kusaina pepala loipa. Kalabu imene ili ndi achinyamata odziwa kuwerenga sinamizidwa msanga.

Sindikunena kuti Chingerezi ndi nzeru, kapena kuti Chitumbuka chathu n'chotsika. Ndipotu bungwe lathu lipitirize kuumirira kuti makampani azilemba mapangano m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Koma pamene tikumenyera zimenezi, mayeso sadikira, ndipo chitseko cha ku koleji chikutsegulidwabe ndi Chingerezi.

Zimene kholo losadziwa Chingerezi lingachite

Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti: "Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndingamuthandize bwanji mwana wa Fomu 3?" Yankho ndi lakuti mungathe, ndipo njira yake siifuna ndalama.

Mwana awerenge nkhani yaifupi kuyambira poyamba mpaka pamapeto osaima. Akatha atseke bukulo, akufotokozereni m'Chitumbuka zimene wawerenga. Inu mufunseni monga momwe mumafunsira munthu amene wabwera kuchokera ku msika: Anachita ndani? Kuti? Chifukwa chiyani? Zinatha bwanji? Ngati akudodoma, ndiye kuti amangotchula mawu osamva tanthauzo. Abwerezenso. Mwana amene angafotokozere agogo ake nkhani ya Chingerezi m'chinenero cha kwawo ndiye waimvetsa, ndipo wayamba kale kuphunzira kufupikitsa nkhani, chinthu chimene amayeso amafuna.

Kenako awerenge mafunso, abwerere mu nkhani muja kukapeza mzere umene wanyamula yankho. Ana ambiri amalakwa pano m'njira ziwiri. Ena amayankha zimene akudziwa kale m'mutu mwawo, pamene funso likufuna zimene nkhaniyo yanena. Ena amakopera ndime yonse ndi chiyembekezo chakuti yankho lili momwemo. Funso likati ayankhe m'mawu ake, kukopera n'kutaya malikisi. Azizolowera kufunsanso kuti mawu ngati "it" kapena "they" akuloza ndani, chifukwa pamenepa ndi pamene nkhani imasokonekera.

Akhale ndi kope la mawu achilendo. Akakumana ndi mawu osawadziwa, ayambe waganiza tanthauzo lake poona mawu oyandikana nawo, chifukwa m'chipinda cha mayeso mulibe dikishonale. Atatha kuganiza ndiye afunse mphunzitsi kapena ayang'ane m'dikishonale. Mawu asanu pa tsiku kwa masiku 200 ndi mawu 1,000. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pomaliza, akamayandikira mayeso, aziyesera mapepala a mayeso a zaka zapitazo ali ndi wotchi pambali, kuti azolowere kugawa nthawi.

Zonsezi zimafuna ola limodzi pa tsiku, nyale, ndi chowerenga. Pa zitatuzi, ola lija ndi limene limavuta kwambiri pa khomo la mlimi.

Nyengo ya mayeso ndi nyengo ya fodya

Tinene zoona. Mayeso a Fomu 4 amalembedwa pakati pa chaka, cha mu June ndi July. Miyezi imene mwana ayenera kukonzekera ndi yomweyo imene ife tili kalikiliki kuthyola, kusoka, kusankha ndi kudinda fodya, komanso kukolola chimanga ndi mtedza. Manja amachepa, aganyu amafuna ndalama, ndipo n'chapafupi kuuza mwana kuti buku lidikire. Ndikudziwa kuti ntchitoyi ndi imene imabweretsa ndalama za sukulu yomweyo. Koma tiwerengere bwino. Ola limodzi la mwana m'chigafa silingasinthe kulemera kwa belo. Ola lomwelo pa buku tsiku ndi tsiku likhoza kusintha 9 kukhala 6. Tikumbukirenso kuti malamulo a dziko lino ndi mapangano a makampani saloleza kugwiritsa ntchito ana pa fodya.

Kwa atsikana vutoli ndi lalikulu koposa. Mnyamata akaweruka amapeza mpata, koma mtsikana amayembekezeredwa kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika ndi kulera ang'ono ake. Akamagwira buku thupi latopa kale. Amayi anzathu ndi abambo, ntchito za pakhomo tizigawe mofanana kwa ana onse, makamaka pa chaka cha mayeso.

Zimene kalabu ingachite

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi silingagule mabuku okwanira, koma kalabu ikhoza. Tikagulitsa mbewu, membala aliyense apereke kangachepe kogulira dikishonale imodzi, mabuku a nthano osavuta, ndi nyale za sola zobwereketsa kwa ana a Fomu 2 ndi Fomu 4. Zonsezi zisungidwe m'bokosi lokhoma kwa mlembi wa kalabu, ndi kaundula wa obwereka monga timachitira ndi sikelo kapena mpope wopopera mankhwala.

Amene akupita ku Rumphi boma kapena ku Mzuzu pa nyengo ya msika abwereko ndi nyuzipepala, ngakhale zakale, monga The Nation ndi The Daily Times. Nyuzipepala ya sabata yatha ndi yakale kwa wofuna nkhani, koma kwa mwana wophunzira kuwerenga ndi yatsopano. Tisathamangire kuikulungira usipa kapena kupichirira fodya ana asanaiwerenge. Timapepala ta ulangizi timene timapezeka ku ofesi ya zaulimi ya Katowo natonso ndi zowerenga zabwino, chifukwa tikukamba zinthu zimene mwana amaziona ndi maso. Pa msonkhano wa kalabu, mwana wa sekondale apatsidwe mphindi khumi awerenge kapepala kotere ndi kutanthauzira akuluakulu. Iye aphunzira, nafenso tipindula.

M'midzi mwathu muli aphunzitsi opuma ntchito ndi achinyamata amene anakhoza Fomu 4 koma ali pakhomo. Tiwapemphe kuti Loweruka lililonse akhale ndi ana kwa maola awiri pa tchalitchi kapena pa sukulu. Kuwathokoza ndi ndowa ya chimanga si chinthu chotilemera tikakhala pamodzi.

Pempho kwa adindo

Udindo wa makolo suchotsa udindo wa boma. Atsogoleri a bungwe lathu, pokumana ndi akuluakulu a zamaphunziro ndi a khonsolo ya Rumphi, afunse kuti sukulu iliyonse ya CDSS ili ndi aphunzitsi angati amene anaphunzira kuphunzitsa Chingerezi, ndipo buku limodzi akugawana ana angati. Apemphe a National Library Service kuti mabuku asamathere m'tauni, afike mpaka ku Hewe. Makampani ogula fodya, amene amatiuza kuti ana akhale ku sukulu, asonyeze kuti akunena zoona poikako mabuku ndi nyale m'sukulu za m'madera amene akugulamo fodya. Nafenso tisamathawe misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, chifukwa kumeneko ndi kumene mafunso amenewa amayenera kuyambira.

Boma la Rumphi lili ndi mbiri ya maphunziro. Ku Khondowe, kumene Robert Laws anakhazikitsa sukulu ya Livingstonia mu 1894, ana a alimi wamba anaphunzira kuwerenga, ndipo ena mwa iwo anadzakhala aphunzitsi, abusa, akalaliki ndi atsogoleri m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nafe. Makolo awo ambiri sankadziwa chilembo ngakhale chimodzi, koma anawapatsa mpata. Ife alimi timadziwa kuti fodya amakhala bwino kapena kuipa akadali ku nazale. Mwana amene ali Fomu 1 lero ndiye nazale yathu. Tisadikire kuti afike Fomu 4 ndi pamene tiyambe kufunafuna nyale. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, imirirani ndi kufunsa kuti bokosi la mabuku tiliyamba liti, ndipo alisunga ndani.